Kalata yotseguka kwa atsogoleri a boma la Mchinji pa za sukulu za mmera mpoyamba

Kwa Bwanamkubwa wa boma la Mchinji, Wapampando wa Khonsolo ndi makhansala, aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo, a Gogo Chalo, magulupu ndi anyakwawa onse,

Zikomo akuluakulu. Landirani moni wanga waulemu, ndipo ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine kholo, ndipo ndili m'komiti yoyendetsa sukulu ya mmera mpoyamba ya m'mudzi mwathu kuno kwa Mkanda. Ndalemba poyera chifukwa nkhaniyi si ya mudzi umodzi. Ndikufuna kuti makolo a kwa Mavwere, kwa Dambe, kwa Zulu, kwa Mlonyeni, kwa Simphasi ndi kwina konse aiwerenge, ndipo ngati pena ndakokomeza, anditsutse pamaso panu.

Chandikakamiza kulemba n'chakuti sukulu yathu yatsekedwanso. Palibe amene analengeza kuti itsekedwe. Ufa wa phala unatha, ana anayamba kubwera mmodzimmodzi, alezi anapita ku ganyu, basi pabwalo pamera udzu. Zimatere chaka ndi chaka kuyambira mu Januwale mpaka chimanga chitacha, ndipo anzathu a m'makomiti ena amene timakumana nawo pa misonkhano ya ADC, komiti ya chitukuko ya dera la Gogo Chalo, akudandaula zomwezo. Miyezi imeneyi ndi yomwenso inu mumakhala pansi kukonza bajeti, poti chaka cha ndalama za boma masiku ano chimayamba pa 1 Epulo. Ndiye ndati ndilankhule pano, mapepala asanasainidwe.

Mwina ena mwa inu ana anu anadutsa ku sukulu za mkombaphala zolipira za pa boma, choncho mundilole ndilongosole mmene zathuzi zimayendera. Ku maofesi mumazitcha ma CBCC. Mudzi umasankha amayi awiri kapena atatu, mwa apo ndi apo bambo, kuti akhale alezi. Ana a zaka zitatu mpaka zisanu amafika m'mawa. Amaimba, amamvetsera nthano, amawerenga timiyala ndi zitsekerero za mabotolo, amaumba ng'ombe zadothi, amaphunzira kudikira kuti mnzawo amalize kulankhula, amasamba m'manja, amamwa phala, n'kubwerera kwawo dzuwa lisanafike paliwombo. Chimanga, mtedza, nkhuni ndi madzi amabweretsa ndi makolo. Malo amapereka ndi anyakwawa. Alezi amagwira ulele. Dziko lathu lili ndi ndondomeko ya mmera mpoyamba kuyambira mu 2003, inaunikidwanso mu 2017, ndipo zolembedwamo n'zabwino ndithu. Koma mukafika kumudzi mupeza kuti ndondomeko yonseyo aisenza amayi awiri okha amene kwawonso nkhokwe ili pululu.

Ndiyambe ndi phala, pakuti phala likatha sukulu yatha. Mwana wa zaka zitatu sayenda mtunda ali ndi njala kuti akaimbe nyimbo, ndipo mayi ake sangamukakamize. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno, 37 ndi opinimbira. Anthu ambiri kumudzi amati mwana wotere wangotengera kufupika kwa agogo ake, chonsecho ubongo wake nawo ukutsalira. Zambiri zimaonongeka m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndipo zaka zotsatirazo ndi mpata wotsiriza woti mwanayo achirikizidwe asanalowe Sitandade 1.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ife a ku Mchinji sitinayenere kukhala m'chiwerengero chimenechi. Kaimeni pa Kamwendo mu Meyi kapena mu Juni, muone malole akusenza soya ndi mtedza. Zonse zofunika kuti phala la mwana likhale lopatsa thanzi timalima tokha. Koma zimatuluka m'boma muno mwezi wokolola womwewo, pa mtengo umene venda wanena, chifukwa pakhomo pali ngongole ya feteleza, pali zofunika za ana a ku sekondale, pali banki mkhonde yofunika kubweza. Chotsala pakhomo ndi mtedza umene wakanidwa pogulitsa, wonyala uja ndi wa chuku, ndipo umenewo ndi umene timasinja nsinjiro za ana. Alangizi a zaulimi amatichenjeza kuti chuku cha mu mtedza ndi chimanga chili ndi poizoni amene amaononga chiwindi ndi kubwezera mmbuyo kakulidwe ka mwana. Timamva, koma mayi amene alibe mtedza wina mukufuna atani?

Ife a komiti timayesetsa. Pokolola timayenda khomo ndi khomo, wina apereka ndowa ya chimanga, wina kambale ka soya, wina apepesa. Timasunga m'nyumba mwa mlezi, m'matumba wamba, anankafumbwe n'kudyako gawo lawo. Tikasamala kwambiri timafika nacho mu Disembala. Mu Januwale simungapemphe munthu ufa pamene iye mwini akudya kamodzi pa tsiku. Anyakwawa anatipatsa munda wa sukulu, tikuthokoza, koma munda wa sukulu si banja ndipo ulibe chiphaso cha unzika, choncho feteleza wotsika mtengo sungamuone. Umapaliridwa komalizira, aliyense atathana ndi wake. Ndipo kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, shuga ndi mafuta ophikira tinaleka n'kuzilemba komwe pa mndandanda wa zofunika. Ana amamwa phala la mgaiwa la mchere wokha, likapezeka.

Nkhani yachiwiri ndi ya alezi, ndipo apa ndikupempha mundimvetsere modekha. Mlezi wathu wamkulu wagwira ntchitoyi zaka zambiri, ana ena amene anawapukuta mamina pano ali ku sekondale. Sanalandirepo malipiro. M'mawa wonse, nthawi imene anzake ali kumunda, iye ali ndi ana a eni. Kunyumba amafunsidwa kuti kodi ana amenewo adzamugulira feteleza? Ndipo funsolo si lopusa. Mvula ikagwa, mayi ameneyu ayenera kusankha pakati pa ana a mudzi ndi munda umene udyetse ana ake, ndipo ine sindingamuloze chala akasankha munda.

Atsikana amene anafika Folomu 4 amabwera ndi changu, koma sakhalitsa. Akapeza ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe kapena yogulitsa m'sitolo ku Chipata amapita, ndipo tiyambirenso kusaka wina. Maphunziro oyamba a alezi ndi a masabata awiri chabe, koma ngakhale amenewo ambiri sanawalawe. Akungophunzitsa mmene iwo anaphunzitsidwira ku pulayimale, ana a zaka zitatu kubwereza zilembo mokuwa mpaka atatopa. Mlezi wophunzitsidwa amadziwa kuti pa msinkhu umenewu masewera ndiye phunziro, amadziwa kupanga zidole ndi zitsononkho, nsanza ndi makatoni, amazindikira mwana amene sakumva bwino kapena amene wachedwa kulankhula. Kusiyana kwake kumaoneka ndi maso.

Tinasangalala kumva kuti boma linayamba kupereka kandalama ka pamwezi kwa alezi ena amene ali ndi satifiketi. Ndi chiyambi chabwino. Koma amene akulandira ndi ochepa poyerekeza ndi amene akugwira ntchito, ndipo popeza khomo lolowera ndi satifiketi, nkhani yonse yagona pa amene amasankhidwa kupita ku maphunziro. Apa mafumu athu mundikhululukire, ndilankhula mosapsatira. Kwathu kuno zinachitikapo kuti bungwe lina linaitanitsa mayina a alezi oti akaphunzire, ndipo kutangomveka kuti kuli alawansi, pa mndandanda panapezeka mayina a anthu amene sanaphikepo phala la ana ngakhale tsiku limodzi. Anapita, anabwera ndi satifiketi ndi chitenje, ku sukulu sanapondeko. Amene amagwira ntchito anatsala, ndipo mmodzi mwa iwo anasiya chifukwa cha kuwawidwa mtima. Sinditchula munthu, chifukwa cholinga changa si mlandu. Ndikungofuna kuti khomo limeneli litsekedwe.

Za malo ndisachulukitse. Sukulu yathu imakumana m'chigafa cha fodya chimene bambo wina anatibwereka mwa chifundo chake. Fodya akayamba kuthyoledwa chigafacho chimafunidwa ndi mwini wake, ndipo ngakhale akanatilola, ana sangakhale pansi pa fodya wopachikidwa. Ena amakumana m'tchalitchi, kukakhala maliro kapena msonkhano wa mpingo sukulu palibe. Ena ali pansi pa mtengo wa mango. Chimbudzi chapafupi n'cha akuluakulu, chibowo chake ana amachiopa, choncho amapita kuseri kwa tchire. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023 mmene anatengera anthu m'dziko muno. Mpondagiya tingapange tokha, mitengo ndi zigubu zilipo, koma mjigo ukakhala kutali mlezi mmodzi sangasiye ana makumi anayi kuti akatunge madzi.

Aphungu athu olemekezeka, ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, timaziona zikugwira ntchito: milatho, midadada ya sukulu za pulayimale, nyumba za aphunzitsi. Zonsezi n'zofunika, sindikunyoza. Komatu pa zokambirana za chitukuko, ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi satchulidwa kawirikawiri, mwina poti kanyumba ka zipinda ziwiri ndi khitchini ya phala sizikoka chinamtindi cha anthu pa tsiku lotsegulira. Zotsatira zake zimakaonekera ku pulayimale komweko. Chiyambire maphunziro aulele mu 1994, Sitandade 1 ndi kalasi yodzaza koposa. Ana amayenera kuyamba ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, koma kumene kulibe sukulu ya mmera mpoyamba makolo amangotumiza wa zaka zinayi kuti atsatire mkulu wake, makamaka ngati ku sukuluko kuli phala. Ena amafika pa msinkhu woyenera koma sanagwirepo choko, sanakhalepo pagulu, mphunzitsi akawafunsa dzina amangolira. Mphunzitsi mmodzi atani nawo ana odzaza chipinda mpaka pakhomo? Amabwereza kalasi, ena kawiri, ndipo pofika Sitandade 4 mtima wa sukulu watha. Tikatero timayamba kuitana misonkhano yofunsa chifukwa chimene ana akulepherera mayeso a Sitandade 8. Mlimi aliyense kuno akudziwa kuti feteleza wothira chimanga chitatulutsa kale ngayaye sabweza ndalama yake.

Palinso ana amene sukulu zathuzi siziwafikira n'komwe, a kubere ndi ongoyamba kuyenda. Amenewa chiyembekezo chawo ndi sikelo, alangizi a zaumoyo ndi magulu a amayi ophunzitsana za kadyedwe. Alangizi a zaumoyo ndiwayamikire, ambiri amapalasa njinga mitunda italiitali. Koma sikelo ya kumudzi imabwera kamodzi pa mwezi, nthawi zambiri pansi pa mtengo, ndipo m'dzinja mitsinje ikadzaza imatha kulephereka. Mayi amene waphonya tsikulo ayenera kulipira kabaza kupita kuchipatala kapena kudikira mwezi wina. Chodabwitsa n'chakuti mlezi amene amaona ana tsiku ndi tsiku, amene amadziwa kuti uyu tsitsi lasanduka lofiirira, uyu mapazi atupa, alibe ngakhale kalamba koyezera mkono, ndipo palibe njira yokhazikika yoti auze mlangizi wa zaumoyo. Wina ali pansi pa ofesi ina, wina pansi pa ofesi inanso, koma mwana ndi mmodzi yemweyo. Mwana wonyentchera akapezeka msanga, chiponde chimamudzutsa ali kunyumba. Akachedwa, ndi nkhani yogonekedwa m'chipatala, mayi kusiya munda ndi ana ena kwa masabata.

Ndipo si chakudya chokha. Makolo ambiri sitinauzidwepo kuti kulankhula ndi khanda, kuliimbira, kuliyankha likamabwebweta, kumakuza ubongo wake. Timati khanda silimva kanthu. Abambo makamaka timaona ngati kunyamula mwana kapena kupita naye ku sikelo n'kudyetsedwa mankhwala. Maganizo oterewa sasintha ndi chikwangwani cha pamsewu. Amasintha munthu wa m'mudzi momwemo, wodziwika ndi wolemekezeka, akamalowa m'makomo n'kukhala pamphasa kucheza ndi banja lonse, apongozi ali pomwepo, poti nthawi zambiri ndi agogo amene amalamula kuti khanda la miyezi iwiri lipatsidwe phala kapena madzi, pamene a chipatala amati liyamwe mwakathithi mpaka miyezi isanu ndi umodzi.

Wina anganene kuti zimenezi n'zosatheka kumudzi. Akuluakulu, boma lathu lino ndi umboni kuti n'zotheka. Mtukula Pakhomo anayesedwa koyamba kuno ku Mchinji mu 2006, ndipo lero ali m'maboma onse 28. Ntchito ya MaiMwana inachitikira kuno: amayi amakumana m'magulu kukambirana okha mavuto a uchembere ndi kupeza njira zawozawo, ena anaphunzitsidwa kuyendera anzawo kuwalangiza za kuyamwitsa, ndipo zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2013 zinaonetsa kuti njira zimenezi zimapulumutsa amayi ndi makanda. Katemera wa malungo atayamba kuperekedwa kwa ana mu 2019, Mchinji anali m'gulu la maboma 11 oyamba. Anthu a kuno akapatsidwa dongosolo ndi kachithandizo kosadukiza, amagwira ntchito. Alendo anabwera kudzaphunzira kwa ife. Nanga zikuvuta pati kuti zimene tinaphunzitsa ena tizichite tokha ndi ndalama za khonsolo yathu?

Mabungwe tikuwathokoza, pakuti sukulu zambiri zomangidwa bwino zimene zilipo ndi iwo anamanga. Koma bungwe limabwera ndi zaka zake zowerengeka. Limamanga, limapaka utoto, limaika chikwangwani, ntchito ikatha limapita. Pakatha zaka ziwiri katungwe wathyoka, mabuku adyedwa ndi chiswe, alezi abalalika, chikwangwani chokha chili chiimire. Ndaonanso kuti sukulu zooneka bwino zachuluka kufupi ndi msewu wa tala wa M12, kumene galimoto imafika osadetsa matayala. Ife a kumalire timamva mbiri chabe. Tsiku la chionetsero ana amavekedwa bwino, amalakatula ndakatulo pamaso pa alendo, phala la tsikulo limakhala ndi shuga ndi mkaka. Alendowo akanabweranso Lachiwiri lotsatira akanaona zina.

Ndisaiwale ana amene ngakhale sukulu itatsegulidwa sitiwaona. Mwana wa ulumali amabisidwa kunyumba, ndipo akabwera alezi sadziwa pomugwira. Lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 linapatsa makhonsolo udindo woyang'anira umoyo wa ana m'madera awo, kuphatikizapo kusunga kaundula wa ana a ulumali. Kaundula ameneyu akanakhala poyambira pabwino. Pali ana a m'maesiteti a fodya, amene makolo awo anachokera kutali, si a mudzi uliwonse, ndipo nyakwawa aliyense amati si anthu ake. Amakulira m'mizere ya fodya, pamsana pa mlongo wawo amene naye anayenera kukhala ku sukulu. Palinso ana obadwira kunyumba kapena tsidya la malire amene alibe chiphaso cha kubadwa, ngakhale kulembetsa ana kunakhala kokakamiza kuyambira mu 2015.

Sitikupempha kuti mutilerere ana. Njerwa tiumba, mchenga tituta, nkhuni ndi madzi tibweretsa, chimanga pokolola tisonkha monga kale. Zimene sitingathe patokha ndi izi, ndipo ndikuzipereka kwa inu mwaulemu.

1. Mu bajeti ya khonsolo imene ikuyamba pa 1 Epulo mukhale ndime yakeyake ya mmera mpoyamba, yosasakanizidwa ndi zina, ndipo ndalama zake zimatidwe pa bolodi pa boma ndi pa likulu la Gogo Chalo aliyense, komanso ziwerengedwe pa wailesi ya Mudzi Wathu, kuti kholo lililonse lidziwe.

2. Phala la Januwale, Febuluwale ndi Malichi likhale udindo wa khonsolo. Miyezi inayo tidzionera tokha. Chimanga, soya ndi mtedza wabwino zigulidwe nthawi yokolola, mitengo ili pansi, kwa magulu a alimi a m'boma momwe muno, zisungidwe m'matumba osalowa mpweya aja, ndipo zifike ku sukulu mu Disembala misewu isanaonongeke. Ndalama yotero imazungulira m'midzi mwathu momwemo. Pamwamba pa apo, munda uliwonse wa sukulu upatsidwe mbewu ndi feteleza m'dzina la komiti, ndipo mlangizi wa zaulimi aziuyendera ngati munda wachitsanzo, momwe makolo angaphunzirire za mbatata yofiira m'kati ndi kaumitsidwe ka mtedza kopewa chuku.

3. Alezi onse amene akugwiradi ntchito alembedwe m'kaundula, potsimikizidwa ndi makolo pa msonkhano wa poyera, osati ndi munthu mmodzi m'nyumba mwake. Mayina a opita ku maphunziro ndi a olandira kandalama ka pamwezi azichokera m'kaundula ameneyu, kuyambira amene atumikira nthawi yaitali. Aphungu athu, kakambeni ku Nyumba ya Malamulo kuti kandalamaka kafikire alezi onse ndipo kazibwera pa nthawi yake. Podikira zimenezo, alezi aziganiziridwa poyamba pa ntchito za chitukuko zolipidwa ndi pa zipangizo za ulimi zotsika mtengo, kuti mvula ikagwa asamathawire ku ganyu.

4. M'dera la phungu aliyense mupatulidweko gawo la CDF chaka chilichonse lomangira sukulu za mmera mpoyamba, kuyambira midzi yakutali ndi tala. Sitikufuna nyumba zapamwamba: zipinda ziwiri za malata, khitchini, zimbudzi za msinkhu wa ana, ndi mjigo pafupi.

5. Sikelo ya kumudzi izichitikira pa sukulu ya mmera mpoyamba paliponse pamene ilipo. Tsiku limenelo ana ayezedwe, alandire katemera, vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba pa nthawi yake, opanda chiphaso cha kubadwa alembedwe, ndipo makolo, abambo omwe, aphunzitsidwe za magulu asanu ndi limodzi a zakudya ndi za kusewera ndi ana. Mlezi aliyense apatsidwe kalamba koyezera mkono, aphunzitsidwe kukagwiritsa ntchito, ndipo akhale ndi nambala ya foni ya mlangizi wa zaumoyo ndi ya wogwira ntchito yoteteza ana wa dera lake, kuwonjezera pa 116, nambala yoimba mwana akafuna thandizo, imene ena akuidziwa kale. Pempho limeneli silifuna ndalama zambiri, likungofuna kuti maofesi awiri akhale pa tebulo limodzi.

6. Bungwe lililonse lofuna kugwira ntchito ya ana m'boma muno liziuzidwa ndi khonsolo kumene kuli kusowa, ndipo lisanayambe lilembe poyera kuti likadzachoka, phala, alezi ndi kukonza zoonongeka adzazitenga ndani. Eni maesiteti nawo aitanidwe, apereke malo ndi chakudya cha ana a antchito awo.

7. Kwa inu a Gogo Chalo, magulupu ndi anyakwawa: mawu anu kumudzi amalemera kuposa kalata ya ku ofesi. Munatithandiza kuti amayi azichilira kuchipatala, mukutithandiza kuthetsa maukwati a ana. Ikani tsiku lolima munda wa sukulu mvula yoyamba ikangogwa, osati kumapeto. Tetezani malo a sukulu kuti asadzalandidwe mwini wake woyamba akamwalira. Funsani za mwana wa ulumali amene sakuoneka pabwalo. Ndipo pa maliro ndi pa misonkhano, pamene mumathokoza adzukulu ndi a komiti ya mjigo, muzitchulanso alezi ndi mayina awo.

Bwanamkubwa ndi a Wapampando, tikupempha kuti mapempho amenewa alowe pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wa khonsolo yonse bajeti isanavomerezedwe, ndipo yankho lake, ngakhale litakhala lakuti zina sizitheka chaka chino, litifikire kudzera ku ma ADC ndi ma VDC, makomiti a chitukuko a m'midzi, molembedwa, ndi zifukwa zake. Makhansala, aliyense wa inu asankhe sukulu ziwiri za mmera mpoyamba za m'wodi yake, imodzi ya pamsewu, ina ya kutali, akaziyendere mwezi uno wa Febuluwale m'mawa wa tsiku la pakati pa sabata, osatumiza uthenga. Akafunse kaundula wa ana, akaone mphika, akalankhule ndi mlezi payekha popanda a komiti. Zimene akapeze akazinene yekha mu msonkhanowo.

Makolo ndi alezi amene mwawerenga kalatayi, itumizeni kwa khansala ndi phungu wa kwanu, muiwerengenso pa msonkhano wa VDC kwa amene alibe foni, ndipo muonjezerepo za kwanuko zimene ine sindinatchule.

Ndatha ine wanu mwaulemu,

Kholo ndi membala wa komiti ya sukulu ya mmera mpoyamba,
kwa Mkanda, Mchinji